Kapu imodzi ya Mayi Latifa

Mumsewu wathu ku Dzivarasekwa kuno palibe mwana amene anakula osakalipiridwa ndi Mayi Latifa pa nkhani ya madzi. Makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale, koma iwo anabadwira konkuno. Ntchito anali nazo ziwiri: kugulitsa tomato pasiteji ya makombi, maminibasi a kuno, ndi kusambitsa maliro a amayi kumzikiti. Ine tinangosiyana nawo mpanda, ndiye ndikudziwa zomwe ndikunena.

Kuno mpopi ndi chokongoletsera pakhomo basi. Madzi amabwera tsiku lomwe afuna, ndipo kumjigo mzere wake umakudyera theka la tsiku. Mayi Latifa ankasunga madzi akumwa m'dilamu labuluu kuseri kwa chitseko, chivindikiro atachipsinja ndi njerwa. Ana akaweruka kumadrasa, ankawasonkhanitsa pakhonde n'kuwaphunzitsa kutawaza, kusamba kuja kwa munthu asanapemphere, ndi kapu imodzi yokha. Madzi otsukira mpunga ankathirira masamba, ochapira ankapita kuchimbudzi. Mwana akataya ngakhale dontho, msewu wonse unkamva. Tinkawaseka kuti madzi awowo ndi misozi yomwe amaisungira m'dilamu, iwo n'kumaseka nafe.

Amene ankamvera kuposa onse anali Ruqayya, mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe ankamulera okha chipitireni mayi ake ku Joni. Mwezi wa Okutobala madzi anatha masabata atatu osabwera. Dilamu linatsika mpaka theka, ndipo agogo ake ankadandaula tsiku ndi tsiku mwana akumva.

Lachinayi lina Ruqayya anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Ali kumsana paulendo wakuchipatala, agogo ake anamufunsa chomwe anadya.

"Sindinadye choipa, Gogo," anatero mwanayo. "Ndimamwa mvura ya pachitsime chakuseri chija, kuti madzi a m'dilamu asakuthereni."

Mvura ndi madzi m'chilankhulo cha kuno, ndipo chitsime chimenecho akulu tonse timachidziwa. Chili pafupi ndi paipi ya suweji, ya zonyansa za m'zimbudzi, yomwe inaphulika kalekale, ndipo madzi ake timangokolopera. Koma m'maso amaoneka oyera, ndipo panalibe anamuuza mwanayo.

Ruqayya anamwalira Loweruka. Poti inali kolera, azaumoyo anakulunga thupi m'pulasitiki n'kuletsa aliyense kulikhudza. Mayi amene anasambitsa ana a eni zaka makumi atatu anaima patali, mdzukulu wawo akupita kumanda osasamba. Ndinalira tsiku limenelo, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Ndimapsanso mtima, kungoti sindidziwa womupsera, poti nane ana anga ndinkawakalipira chimodzimodzi.

Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, ana anabwereranso pakhonde. Za kapu imodzi Mayi Latifa sanasiye kuphunzitsa, pakuti mpopi sunasinthe khalidwe. Koma masiku ano phunziro lisanayambe amatunga madzi akumwa n'kupatsa mwana aliyense, mmodzimmodzi.

"Imwa," amatero. "Ludzu likakhalapobe unene. Usamandiope, mwanangu, ine ndine nkhalamba yopusa."

Ana amamwa akuyang'anizana, ena alibe ndi ludzu lomwe. Mayi Latifa sakhala pansi mpaka womaliza atameza.