Ndinali Mlongoti wa Wailesi ya Apongozi

Wailesi ya apongozi anga aamuna sinali ngati zathuzi zoti ukangotsegula yayankhula. Inali yakuda, yolemera, ya timanambala tambirimbiri pagalasi. Anawasiyira ndi mzungu amene ankamuphikira kuphiri, pamwamba paja pozizira. Ankati mawailesi akuno ndi abodza, zoona zimachokera kunja. Ankagwira a ku Ulaya, a Chiswahili, a Chipwitikizi, ndi ena ozembera amene ankati amaulutsa mobisala kuopa boma la kwawo, lero alipo, mawa asowa. Mawu ake ankamveka ngati munthu akuyankhulira mkati mwa mvula, kufika, kuthawa, kufikanso.

Ine ndinali pachitengwa ku Chinamwali, mwana ali ndi miyezi isanu. Bambo ake anapita ku Joni ndili ndi pakati, ndipo ankaimba foni Lamlungu lililonse. Kenako kunamveka zoti kumeneko akuthamangitsa alendo, kuotcha mashopu, ena kuwamenya mpaka kufa. Foni yawo inasiya kulowa. Ndinkaimba m'mawa, masana, madzulo, mayi uja wa mufoni kumangondiyankha Chizungu chake chomwecho.

Mlongoti wa wailesiyo unathyoka kalekale, ndiye apongozi anamangirira waya, kuutulutsira pazenera mpaka pamtengo wa mapeyala. Tsiku lina ndikuanula matewera ndinaugwira waya uja osadziwa, mawu nkumveka bwinobwino. Nditausiya, phokoso. Ndinamva akuseka m'nyumba.

"Amayi," anaitana akazi awo, "muuzeni mayi wa mwanayo agwirenso."

Kwathu mkazi sayankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ukakumana nawo umapatuka, umagwada, mawu amadzera kwa apongozi aakazi. Ndinagwira.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri, ndinkaima panja pa zenera, mwana kumbuyo, dzanja m'mwamba. Anzawo a bawo ankabwera kudzakhala pakhonde, wailesi ili pazenera.

"Achimwene, mlongoti wanuwu ngwamakono," anatero wina wa chipewa choluka. "Umaphikanso?"

"Umaphika, koma umadya kwambiri," anayankha apongozi, onse nkuseka.

Sindinkadandaula, ndinene zoona. Ndinkafuna ndiime pamenepo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, Chizungu cha pawailesi chimathamanga, koma dzina la malo amene bambo a mwana ankakhala ndinkalidziwa, ndinkalidikira ngati mmene umadikirira dzina lako kusikelo. Tsiku lachinayi linamveka. Kawiri. Ndinasuzumira nkhope ya apongozi, kufunsa sindingathe, iwo nkumangoponya nkhomo m'mabowo a bawo.

"Akuti dzulo aotcha atatu," anauza anzawo, mokweza. "Wina wamfupi, wakuda, wa mpata pamano."

Bambo a mwana ndi aafupi, akuda, a mpata pamano. Waya unandipulumuka, phokoso nkudzaza khonde lonse.

"Amayi! Muuzeni akweze dzanja, nkhani sizinathe."

Kuti wailesi ya kunja singanene za mano a munthu, nzeru imeneyo inandifikira mochedwa. Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira chilichonse. Mawa lake ankati wa mpata uja wapezeka kuchipatala. Mkuja, ayi, sanali iyeyo. Tsiku lina ankati abale akufunidwa akazindikire mitembo. Ankanena akuyang'ana bawo, wa chipewa uja nkumabisa kukamwa. Chakudya chinasiya kulowa, mkaka unayamba kuchepa, mwana ankayamwa nkumaluma, kulira, ine kumusisita ndi dzanja limodzi chifukwa linalo linali pawaya.

Madzulo ena mvula inatsika kuphiri ndi mabingu. Ndinaona mphezi ikung'amba pamwamba pa mitengo ya paini, ine waya m'manja, mwana kumbuyo, mapazi m'madzi. Amuna aja anasunthira bawo mkati mwa khonde. Ndinaitana apongozi aakazi.

"Amayi, mwanayu mumutenge, chonde."

"Ndili ndi ufa m'manja," anatero ali pakhomo la khitchini. "Iwe sukufuna kumva za mwamuna wako? Ife tikuchitira iweyo."

Ndinaima mpaka nkhani zinatha. Mwana anatentha thupi masiku atatu.

Zoona zake anandiuza ndi mayi wina wachisilamu wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi mpopi, amene mwana wake nayenso ali ku Joni. Anandiyang'ana mmene chitenje chinkandizungulira kawiri, nkundikokera pambali.

"Mwanawe, ukudzipheranji? Mwamuna wako alipo, wanenepa. Mwana wanga amaonana naye. Anasintha nambala, ali ndi mkazi wa konko. Amaimbira apongozi ako Lamlungu lililonse. Ndimaganiza ukudziwa."

Lamlungu lililonse. Apo mpamene ndinakumbukira apongozi aakazi akulowera kuseri kwa nthochi ndi foni, ati kumeneko nkumene netiweki imagwira.

Chidebe ndinachisiya pampopi. Ndinawapeza akupeta, ndinagwada.

"Amayi, ali moyo?"

Sanasiye kupeta. "Anakuuza ndani kuti wamwalira? Unaona maliro pano?"

"Nanga masabata onsewa, ine kulira, inu kundiona..."

"Tikanakuuza ukanatani? Ukananyamula mdzukulu wathu ulendo wa kwanu. Madzi akanatunga ndani? Ndi msana wangawu?"

Ndiye m'nyumba munamveka phokoso lija la wailesi ikufunafuna mawu, ndi apongozi aamuna akukonza kukhosi.

"Amayi, muuzeni nthawi yakwana."

Ichi nchimene sindinauzepo munthu: ndinadzuka, ndinapita, ndinaugwira. Ndinaima dzanja m'mwamba misozi ikutsika, ndipo sindinkalira chifukwa cha mkazi wa ku Joni, ayi, ndinkalira kuti ali moyo, ali moyo, sanamuotche. Wa chipewa uja anafunsa za wa mpata pamano.

"Lero akuti amuika m'manda," anatero apongozi. "Kopanda ngakhale m'bale."

Ndinawayang'ana kumaso, koyamba chikwatiwire. Anali ndi maso ang'onoang'ono, osangalala, ngati a mwana amene wagwira bwannoni nkumuthothola miyendo. Anaona kuti ndadziwa. Sanachite manyazi, anangopotokola wailesi kufuna ina.

M'mawa mwake iwo atapita kumsika, akazi awo ali kudimba, ndinasonkhanitsa matewera, zitenje ziwiri ndi buku la kusikelo. Chomangira ndinalibe. Ndinakwera pamwala, kumasula waya kumtengo wa mapeyala, kuukoka pazenera mpaka unaduka, nkumangira mtolo wanga. Ndinadzera njira ya kuseri kwa mzikiti, osathamanga kuti anthu asafunse, maso kumbuyo, maso kumbuyo, mpaka pamsewu pamene pamaima maminibasi a ku Malosa.

Kondakitala ponyamula mtolo uja anadzibaya chala.

"Asisi, wayayu ngwachani?"

"Ngwa wailesi," ndinatero, nkumusuntha mwana kubwera naye kutsogolo.