Bedi limene mayi a Chisomo sanayale

Lachitatu lapitali ndinaona chinthu chimene sindinachionepo m'zaka makumi awiri za ukwati wathu. Koma dikirani kaye, ndiyambire poyambira.

Ine ndi akazi anga, mayi a Chisomo, tinagwirizana kuti zaka makumi awirizi tikazikumbukire ku Lisbon, kwa Apwitikizi, masiku atatu basi. Ndege yotchipa ndinaipeza mosavuta. Pa hotela m'pamene mutu unandizungulira. Ndimati ndikaona mtengo m'mawa ndili m'basi yochoka kwathu ku Dennistoun mu Glasgow muno, pobwerera madzulo wakwera, ngati wina amandisuzumira pafoni. Pansi pake alemba mofiira kuti kwatsala chipinda chimodzi chokha. Chipinda chimodzicho chinatsala sabata yathunthu, abale!

Ndiye ndinalakwitsa mmene timalakwitsira ife: ndinakadandaula kutchalitchi, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero. A Gondwe, mkulu wa mpingo, anaika kapu pansi.

"Hotela? Zimenezo mwayamba liti, bambo a Chisomo? Ku Lisbon kuli mwana wa mlongo wanga, anakwatiwa konko. Chipinda chikungokhala. Ndimuimbira lero lomwe."

Tiyi asanazizire nkhani inali itatha. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva, chifukwa ku Ulaya konse kulibe mtengo woposa ulere.

Ndinawapeza mayi a Chisomo akusita yunifolomu. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Maryhill. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osakweza maso.

"Chabwino," anatero. "Zitenje za kukhitchini ndilongeze zingati?"

Ndinati sindinamve.

"Ku Manchester tinafikira kwa anthu, ndinatsuka mbale masiku onse. Ku Dublin ndinalera khanda la eni nyumba iwo ali kuntchito. Inu mumakhala pabalaza n'kumakamba za ndale za kumudzi. Mzinda mumauona ndinu, ine ndimaona sinki. Tsiku ndi tsiku ndimayala mabedi a anthu, bambo a Chisomo. Ndimangofuna masiku atatu okha wina andiyalire langa."

Manyazi anandigwira, sindinama.

Musandimve molakwa. Kufikira kwa anthu sindikukunyoza. Nditangofika mu Glasgow muno ndinagona miyezi iwiri pabalaza la banja lina ku Pollokshields, anthu amene anangomva kuti ndine wa ku Dedza, basi n'kunditsegulira chitseko. Zimenezo sindidzaiwala. Pamaliro, pofuna ntchito, pobwera kusukulu, mwambowu ndi umene umatisunga kuno.

Koma tchuthi ndi nkhani ina. Kwathu mlendo wamwamuna amapatsidwa mpando. Mlendo wamkazi amangoti moni moni, wamanga chitenje, ali kale kukhitchini, kuopa kuti anganenedwe kuti ngwaulesi. Ndiye tikamanyadira kuti tagona ulere, wagona ulere ndani? Abambo anzanga, munayamba mwawafunsapo akazi anu kuti ku Birmingham kuja anaonako chiyani?

Kuwakanira a Gondwe kunandivuta kuposa kusaka hotela. Mukudziwa mmene zimakhalira, kukana malo ogona amene munthu wakupatsa ndi mtima wonse kumaoneka ngati matama. Ndinawaimbira foni. Ndinati mphwawo tikamuona ndithu, tikamwa naye tiyi, koma kugona tikagona kwina.

"Basi, mwasanduka azungu," anatero akuseka. Mawa lake anandibweretserabe chitenje choti ndikapatse mphwawoyo.

Ndinabwerera pafoni, tsopano mtima uli m'malo. Ulendo ndinauchotsa kumapeto a sabata, ndinauika Lolemba mpaka Lachinayi, mtengo n'kutsika pompo. Ndinasiya kulimbana ndi mahotela a pakatikati pa tauni, ndinapeza kahotela kena kakang'ono chakunja koti sitima ya pansi pa nthaka imangoima kanayi wafika pakati. Zolembedwa mofiira zija ndinasiya kuziopa. Kenaka Umalawi unandidzukira. Ndinati munthu amene ananenererapo mbatata pa Lizulu angalephere bwanji kunenerera chipinda? Ndinaimba ku hotelako mwachindunji.

Anayankha mayi wina wa mawu ofatsa. Ndinamulonjera kaye bwinobwino, ndinamufunsa za nyengo, kenaka m'Chingerezi changa ndinati, mayi, mtengo womaliza ndi uti? Anaseka mpaka kutsokomola. Anati kudula kwambiri sangathe, koma poti ndadutsira kwa iwo osati pa intaneti, achotsako pang'ono n'kuwonjezera chakudya cha m'mawa. Anandichenjezanso kuti pali kamsonkho ka mzinda kolipira pofika, ndisadzadabwe. Onani, kufunsa mwaulemu kumagwira ntchito ngakhale kwa Apwitikizi.

Tinafika Lolemba. Lachiwiri m'mawa, ndikutuluka m'bafa, ndinapeza bedi layalidwa kale, matawulo apindidwa, mayi a Chisomo akupukuta galasi.

"Nanga izi?"

"Asamaone ngati ndife anthu auve."

Wokonza zipinda atabwera anasuzumira, anayang'ana uku ndi uku, n'kubwerera ndi ngolo yake. Ndinangogwira pakamwa. Masana tinakamwa tiyi kwa mphwa wa a Gondwe, ndipo dzanja la mayi a Chisomo litayamba kulondola makapu, ndinawatsina pang'ono n'kukatsuka ndekha. Mwini nyumba anatijambula ine ndikutsuka kuti amalume ake akhulupirire.

Lachitatu m'mawa mayi a Chisomo anaima pambali pa bedi atagwira ngodya ya bulangeti. Anayang'ana bedi, anandiyang'ana ine, n'kulisiya bulangetilo ligwe lokha. Anatola chikwama chawo, tinatuluka. Panjira anabwereza kawiri kuti mwina tibwerere.

Tinayenda tsiku lonse m'zitunda za mzindawo mpaka miyendo inawawa. Titabwerera anatsegula chitseko n'kuima pakhomo. Bedi linali mya, mapilo ataimikidwa. Anayandikira, anapitsa dzanja pamwamba, anasuzumira kumiyendo.

"Ngodya iyi sanapinde bwino," anatero.

Kenaka anadziponya pabedipo ndi nsapato zomwe, n'kuyamba kuseka, misozi ikutsikira m'makutu. Ine ndinakhala pampando n'kumawayang'ana, mtima uli mbee.

Pa mitengo yonse imene ndinayerekeza, wokwera kwambiri unali wa ulere uja, kungoti amene akanalipira sanali ine. Nanga kwanuko, amene amayala mabedi anayaliridwapo liti?