Oyilo Wofiira, Oyilo Wabuluu

Makina ochekera matabwa aja sanali athu. Anali a achimwene anga aakulu, amene ankagwira ntchito ku Joni n'kumabwera kumudzi kamodzi pachaka atavala jekete lachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anabwera nawo zaka zija mafoni a m'manja anali asanachuluke ku Namitambo. Atawaika pakhonde pa amayi, mudzi wonse unasonkhana kudzaona, ena n'kumagwira mano a tcheni ndi chala kenaka n'kuthawitsa dzanja.

Abale oti n'kuwasiyira makinawo tinalipo ambiri, koma achimwene anasankha amuna anga. Amuna angawo anali mkamwini pamudzi pathu, kwawo ku Ndunde, ndipo ntchito yawo inali yocheka matabwa ndi sowo wa anthu awiri. Iwo ndi amene ankakhala pansi, m'dzenje, utuchi ukuwathira m'maso tsiku lonse. Madzulo ankabwera atatuwa mpaka m'makutu, msana osawongoka. Ndiye pomva kuti makina ndi awo oyendetsa, anangoti kukamwa yasa.

"Alamu, tamverani," anatero achimwene. "Makina awa samwa petulo yekha. Muzisakaniza ndi oyilo uyu, thusitiroko." Anatulutsa botolo la oyilo wofiira, n'kudonthetsera m'petulo amene anali m'botolo loonekera mkati, n'kukhutchumula. "Choyezera ndilibe, ine ndimayeza ndi maso. Muzithira mpaka afiire ngati madzi a chidede. Akatuwa, makina apsa. Akada kwambiri, mutsamwa ndi utsi. Koma ndikadzangomva kuti mwathira petulo wosasakaniza, ndidzatenga makina anga, inu mubwerere kudzenje kwanu. Tamvana?"

Amuna anga anavomera, koma ndinaona thukuta litayamba kuyenderera m'khosi mwawo. Ndinkayesa ndi chimwemwe.

Kuyambira m'mawa wotsatira, kunayambika kakhalidwe kena kamene kanandikwana msanga. Ine ndili kalikiliki kusesa kapena kusambitsa mwana, iwo ali kuseri kwa nyumba ndi mabotolo awo.

"Amayi, tabwerani muone. Wafiira?"

Ndinkapita, n'kuyang'ana. "Wonjezerani pang'ono. Basi, basi, pamenepo."

Tsiku loyamba ndinanyadira, ndinati mwamuna wanga amandifunsa nzeru. Sabata yachiwiri ndinayamba kung'ung'udza. Pofika mwezi wachitatu ndinali nditatopa nazo, chifukwa ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense kwathu amadziwa. Munthu wamkulu, wandevu, woti amayang'ana mtengo n'kudziwiratu kumene ugwere, angalephere kuona ngati petulo wafiira? Ndinkati ndi ulesi, kapena akufuna makina akadzapsa mlandu udzakhale wa tonse.

Tsiku limene ndikufuna kunena linafika chaka chotsatira, m'chilimwe, achimwene atabweranso. Mpingo wathu unapempha amuna anga kuti acheke bulugama wofolerera tchalitchi, ndipo achimwene anati apita nawo akaone mmene mlamu wawo akugwirira ntchito.

Dzulo lake tinali titayambana. Ndinawapempha kuti andithandize kuthyola tomato kudimba, woti ndikagulitse kumsika, ndipo ndinawafulumizitsa chifukwa dzuwa linali litapendeka. Anabwera ndi dengu, theka lake tomato wosapsa, wobiriwira bii! Ndinalalata mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndiye m'mawa mwake atandiitana kuti ndikaone petulo, ndinayankha ndili m'khitchini, osatuluka n'komwe.

"Lero muone nokha! Maso anuwo ndi a chiyani, okongoletsa nkhope?"

Ndinamva akumangirira katundu panjinga, basi n'kunyamuka. Anatenga mabotolo awiri ofanana, aja a sikwashi. Lina linali ndi petulo amene tinasakaniza dzana, lina linali ndi watsopano, wongogula kumene, wopanda oyilo.

Mkwiyo wanga suchedwa kuzizira. Pofika masana ndinali nditatenthetsa kalongonda wa dzulo, n'kuthira thobwa m'chigubu, ulendo wokawapatsira. Ndinapeza bulugama wamkulu atagwa kale, makina ali chete chifukwa petulo anali atatha. Azibambo a mumpingo anali atakhala pamthunzi, achimwene ali pakati pawo akufotokoza za misewu ya ku Joni. Amuna anga anali atagwada pambali pa makina. Ndinawaona akunyamula botolo limodzi, n'kuliyang'ana padzuwa, n'kuliika pansi. Ananyamula linalo, n'kuliyang'ananso. Anabwereza kachiwiri. Kenaka anatsegula limene anasankha.

Linali lopanda oyilo lija. Ndinaliona ndili patali, lotuwa mbee.

Ndikanafuula kuti, "Abambo, si limenelo!" achimwene akanatembenuka, akanaona, ndipo makina akanabwerera pakhonde pa amayi tsiku lomwelo. Komanso mkazi kudzudzula mwamuna pamaso pa akuluakulu a mpingo ndi mlamu wake, mkamwini ameneyo akanayendanso bwanji pamudzi? Koma kukhala chete ndiye makina akanapsa tonse tikuona. Sindinaganize n'komwe. Ndinaponya chigubu cha thobwa pansi n'kukuwa ndi mawu anga onse.

"Njoka! Mayo ine, njoka! Iyo pamaudzupo!"

Abale inu, sindinadziwe kuti azibambo okalamba amathamanga chotero. Mkulu wina wa mpingo, amene Lamulungu lililonse ankadandaula za nyamakazi, anadumpha chipika chonse cha bulugama n'kusiya nsapato imodzi. Achimwene anga, ndi jekete lawo lachikopa, anapezeka ali pamwamba pa chitsa akufunsa kuti, "Ili kuti? Ili kuti, achemwali?" Ine ndinathamangira kwa amuna anga ngati ndikuthawira kwa iwo, n'kulanda botolo lija, n'kuwakankhira linalo m'manja.

Iwo okha ndi amene sanathawe. Anayang'ana botolo, anayang'ana ine, kenaka anazolika n'kuyamba kuthira.

Azibambo aja anatola mitengo n'kuyamba kumenya tchire. Anasaka njoka yanga mpaka kutopa. Chimene chinatsala pang'ono kundiphulitsa ndi kuseka ndi chakuti awiri a iwo anaiona ndithu. Wina anati inali mphiri yonenepa ngati mkono wake, wina anati ayi, inali mamba, inalowera kuchulu. Anakangana mpaka kalongonda kutha m'mbale. Thobwa ndiye linamwedwa ndi nthaka, koma palibe amene anandidzudzula, onse ankanditamanda kuti ndapulumutsa anthu.

Pobwerera madzulo, achimwene anatsogola ndi anzawo. Ife tinatsalira, amuna anga akukankha njinga, makina atamangidwa pakaliyala. Titangokhota pamene anthu sakanatimva, ndinayambapo.

"Mwandinamizitsa pamaso pa akulu a mpingo! Ine munthu wa kwaya! Kodi mwatani inu? Mumafuna kuwotcha makina a eni? Mabotolo awiri okha, lofiira ndi lotuwa, ngakhale mwana wathu akanasankha!"

Anayenda pang'ono. Kenaka anaimika njinga.

"Amayi, ine chofiira sindichidziwa."

"Mukuti chiyani?"

"Sindichiona. Chibadwire. Chimene inu mumati chofiira ndi chimene mumati chobiriwira, kwa ine ndi zapachibale. Mabotolo aja onse amaoneka ngati tiyi wosalowerera. Lina limaderako pang'ono, koma dzuwa likasuntha ndimasokonezeka."

Anandiuza zonse titaima pamsewupo. Ali mwana ankakwapulidwa chifukwa chothyola zosapsa, mpaka anaphunzira kudziwa tomato wakupsa pomufinya ndi zala. "Dzulo munandithamangitsa, ndinalibe nthawi yofinya," anatero. Sanauzepo munthu, ngakhale amayi awo owabereka, poopa kusekedwa. Ndipo tsiku limene achimwene ananena za madzi a chidede, anafuna kukana makinawo, koma anakumbukira dzenje.

"Mkamwini wosaona mitundu, ndani angamusiyire makina?" anatero.

Ndikunena zoona, poyamba ndinaseka. Ndinawafunsa kuti nanga chitenje chija anandigulira pa ukwati wathu anasankha bwanji, iwo n'kunena kuti anangoloza chimene mayi wina anali atangogula kumene. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Koma kuseka kuja kunatembenuka ndisakudziwa, ndinapezeka ndikulira. Ndinachita manyazi kwambiri. Zaka zonsezo ndinkamutukwana munthu chifukwa cha tomato, osadziwa kuti m'mawa uliwonse akamandiitana kuseri kwa nyumba ankakhala akupempha thandizo ndi mantha. Patapita nthawi ndi pamene adokotala ena anandiuza kuti anthu otere alipo ndithu, makamaka amuna, ndipo si matsenga.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kupita nawo kuntchito. Mwana ndinkamusiya kwa amayi. Ndinkakwera pakaliyala, makina pamiyendo, mabotolo nditabereka kumsana ndi chitenje. Tinazungulira, inu! Ku Kadewere, ku Ndunde, kulikonse kumene munthu anali ndi bulugama kapena mtengo wa mango wokalamba. Azimayi pachitsime ankandinena kuti ndi nsanje, ati ndikulondera mwamuna kuti asaonedwe ndi akazi a kutali. Ndinkawayankha kuti inde, nanga mwamuna wa makina n'kumusiya yekha? Kusakaniza petulo inakhala ntchito yanga. Ndinaphunziranso kunola tcheni ndi tupa, ndi kumenya chingwe chonyika m'makala pachipika kuti thabwa lituluke lowongoka. Masana tinkakhala pautuchi n'kumadya chinangwa, makutu akulira, tikukuwirana nkhani ngati agonthi. Pa zaka zonse za ukwati wathu tinali tisanachezepo chomwecho.

Ndiulule chinthu chimodzi. Ndinadziwa msanga kuti vutoli linali ndi mankhwala ake apafupi. Ndikanatha kupeza kachitini koyezera oyilo, n'kumanga kansanza pabotolo losakaniza, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinaziganiza ndithu, koma sindinanene.

Mantha okha ndi amene sanathe. Achimwene akabwera ankakonda kutiyendera mwadzidzidzi, ndipo ine ndikadwala kapena kukagwa maliro, amuna anga ankanamizira kuti tcheni chabuntha, osapita kuntchito.

Chaka china achimwene anabwera ndi mabotolo atatu a oyilo wa mtundu wina. Anati wofiira uja ku Joni anasiya, aliyense akugwiritsa ntchito uyu. Atapita, tinakhala kuseri kwa nyumba, ine n'kuyamba kudonthetsa. Oyiloyo anali wabuluu. Ndisanakhutchumule n'komwe, amuna anga anandigwira dzanja.

"Taimani! Ndikumuona!"

"Mukuona chiyani?"

"Uyo akutsika pansiyo! Amayi, ndikumuona bwinobwino!"

Analanda botolo, anathira okha, anakhutchumula, anayang'ana padzuwa. Anabweretsa la petulo wosasakaniza n'kuwaika pamodzi, kenaka anandiuza kuti ndiwasinthanitse iwo atatembenuka. Ndinasinthanitsa kasanu, kasanu konse analoza molondola. Bambo wamkulu anavina pabwalo ngati mwana, mpaka amayi anatuluka kudzafunsa ngati tatola ndalama. Ine ndinalulutira. Ndinasangalala zenizeni, chifukwa tsopano makina anali otetezeka, achimwene akanatha kubwera ola lililonse osapeza chifukwa.

M'mawa mwake anasakaniza okha, akuimba mluzu, n'kunyamuka okha. Anati ndipumeko, ndatopa zaka zonsezi. Ndinatenga khasu n'kupita kudimba. Chakumasana ndinamva makina akulira kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinakhala pansi pakati pa mizere ya tomato, mtima ukuwawa ngati ndachotsedwa ntchito. Ndinadzidzudzula kuti ndine mkazi woipa, wodana ndi mwayi wa mwamuna wake, koma kuwawako sikunachoke. Madzulo ndinawalandira ndi nkhope yosekerera.

Zinayenda choncho sabata imodzi ndi theka. Tsiku lina anapita ku Limbe kukagula tupa, n'kubwera ndi kajumbo. Anakaika pamkeka patsogolo panga, maso ali kumbali. M'katimo munali botolo la oyilo wofiira.

"Wabuluu uja sakugwirizana ndi makina," anatero. "Akuwatsamwitsa. Ndataya."

Ine makina aja ndinkawamva tsiku lililonse kuchokera kudimba. Chibwerereni kuchokera ku Joni anali asanalirepo mokoma ngati sabata imeneyo.

"Ooh, akuwatsamwitsa eti?" ndinatero. "Nanga achimwene akafunsa?"

"Ndidzawauza choncho. Mawa tili ku Kadewere, mitengo inayi. Mudzuke msanga."

Ndinadzuka msanga. Tinachekanso limodzi zaka zina zingapo, mpaka makinawo anakalamba okha, osapsa ngakhale tsiku limodzi.

Mvula itayandikira chaka cha oyilo wabuluu chija, ndinakwera pampando kuti nditsitse mbewu ya chimanga imene ndinapachika kudenga la khitchini. Dzanja langa linagunda chinthu cholimba, chokulungidwa m'thumba la feteleza n'kuchisomeka pakati pa udzu. Ndinamasula. Anali mabotolo atatu a oyilo wabuluu, awiri osatsegula n'komwe. Ndinaima pampandopo kanthawi, kenaka ndinawakulunga mmene analili n'kuwabwezera pamalo pomwepo. Amuna anga mpaka lero sadziwa kuti ndinawaona.