Zipolopolo Zopepuka za Amalume a Merle

Amalume anga a Merle Kepner anagwira ntchito yocheka matabwa kuno kumapiri a Pennsylvania mpaka kampani itatseka, koma munthu akawafunsa ntchito yawo ankati ndi mlenje. Moyo wawo wonse ankawombera agwape a michira yoyera ndi zipolopolo za mtundu umodzi: zolemera, za nsonga ya mtovu, zimene bambo awo anawasankhira. Analinso ndi lamulo lawolawo, ndipo ndinalimva ndekha kangapo: tsiku limene adzavulaze gwape n'kumutaya m'tchire, mfuti adzaipachika, osasakanso.

Chaka chatha anawachita opaleshoni ya phewa. Dokotala anati mfuti ikapitiriza kuwamenya paphewapo akamawombera, mkonowo sudzakwezekanso. Choncho nyengo yosaka itayandikira ndinawaperekeza kusitolo ya a Dewey, mnzawo wa kumsasa wa alenje.

"Undipatse zopepuka," anatero amalume chapansipansi.

"Wati chiyani, mdala iwe? Kweza mawu amve onse!" a Dewey anaseka. "Si iwe unkati zopepuka n'za agologolo?"

"Tseka pakamwa, chidazi iwe. Phewa ndi langa."

A Dewey anaika bokosi patebulo. "Izi sizikankha kwambiri. Koma ukaziyese kaye powombera papepala, Merle. Sizigwera pamene zinkagwera zakale zija."

"Mfuti imeneyi ndinaichuna iwe udakali ndi tsitsi."

Sanakaziyese. Sindikufuna kuwanamizira kuti kunali kunyada kokha. Ndikuganiza, ngakhale sanandiuze, kuti ankaopa kuti phewalo liwalola kuwombera kamodzi basi, ndiye sanafune kukathera kamodziko papepala.

M'mawa wa tsiku lotsegulira kusaka, gwape wamphongo anatulukira m'mphepete mwa dambo. Pamenepo ine panalibe, ndinangomva kulira kwa mfuti. Amalume akuti analozetsa mfuti kuseri kwa mwendo wakutsogolo monga mwa masiku onse, koma chipolopolo chinatsika n'kuthyola mwendowo. Gwape analowa m'dambo ndi miyendo itatu.

Ine, amalume ndi a Dewey tinalondola magazi pachipale chofewa, amalume ali patsogolo, mkono uli lende. Madontho ankachepera tikamapita. Masana chipale china chinayamba kugwa ndipo chinakwirira zonse. Iwo anapitirizabe kufukula ndi nsapato mpaka a Dewey anawakoka jekete.

Kumsasa kwathu munthu akaphonya gwape, anzake amamudula kansalu kumunsi kwa malaya n'kukakhomera pakhoma, kuseka kuli pakamwa. Nsalu za a Dewey zadzaza pakhomapo. Ya amalume panalibe ndi imodzi yomwe.

Titabwerera, amalume anapisula malaya m'buluku, nakhala pafupi ndi mbaula, kudikira. A Dewey anatulutsa mpeni, anauyang'ana, kenako anayamba kudulira soseji.

"Dula, Dewey," anatero amalume.

"Aa, chisanza chakocho chingandibunthitsire mpeni."

"Ndati dula, m'bale wanga."

Palibe anaseka. A Dewey anawasunthira mbale ya soseji, maso ali kumbali. Tonse tinkadziwa kuti malaya timadula a munthu amene abwerenso chaka chamawa.

Mfuti ija ili pamwamba pa chitseko kunyumba kwawo. Ndinawapempha kuti tikaichune bwino ndi zopepukazo, popeza phewa linapirira. Anangoti, "Phewa silinalonjeze kanthu, mphwanga. Ndinalonjeza ndine."

Chipale chitasungunuka anayamba kupita kudambo kuja, ndi ndodo yokha, kukafuna mafupa a gwape uja. Mpaka lero sanawapeze.