Vinyo wa achimwene mu filiji ya aneba

Achimwene anga amagwira ntchito yothyola mphesa m'minda ya ku Kepu, ku Joni. Atabwera kutchuthi anandibweretsera botolo la vinyo woyera, ndipo analitamanda mpaka ine wosamwa kawirikawiri ndinayamba kumeza malovu. Anati mphesa zake zimalimidwa m'mapiri momwe mumawomba mphepo yozizira ya kunyanja yamchere, n'chifukwa chake vinyoyo amawawasira pang'ono ngati gwafa wosapsetsa.

"Chemwali, muwotche chambo, mufinyirepo ndimu," anatero. "Musayerekeze kumwera nyama ya mbuzi. Ndipo azizire kaye, wofunda sakoma."

Tsono ku Mangochi kuno chinthu chimazizira kwa amene ali ndi filiji. Ife aphunzitsi ochokera ku Ntcheu tinalibe. Tinkasungitsa ndiwo kwa eni nyumba athu, banja lachisilamu la kuseri kwa mpanda. Mayi a m'nyumbamo ankanditenga ngati mwana wawo. Ndi iwo amene anandiperekeza kuchipatala pobereka mwana wanga woyamba, amayi anga ondibala ali kutali.

Tsiku loti timwe vinyo uja ndinachedwa kuweruka kusukulu. Nditafika kunyumba ndinayamba kupala chambo, n'kufunsa amuna anga komwe kunali botolo.

"Ndapatsira amayi pampanda kuti lizizire."

"Mwawauza kuti ndi chiyani?"

"Ndangoti, landirani amayi."

Amuna angawa ndi munthu wabwino, koma nzeru zimawafika mochedwa ngati basi ya ku Katuli. Unali mwezi wa Ramazani. Mwezi umenewo chilichonse chodutsa pampanda masana ndi mphatso yoti anthu amasulire kusala kwawo. Ifenso tinkalandira mbale za futali ndi zitumbuwa, n'kubweza mbalezo ndi kenakake. Botolo lija linkafanana ndi la juwisi wa mphesa amene amatsegula pa maukwati, ndipo mayi aja sankawerenga zolemba zachizungu.

Ndinathamanga mamba a nsomba ali m'manja.

Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde: bambo a m'nyumbamo atavala mkanjo woyera, mayi aja, ndi ana awo aakazi awiri. Botolo linali pakati, lotsegula. Makapu anali odzaza kale. Aliyense, milomo itauma, ankadikira kuitana kwa kumzikiti.

"Mwana wanga, wabwera bwino," anatero mayi aja akumwetulira. "Khala, timasulire limodzi mphatso yako."

Ndinagwada. Pakamwa panga panauma kuposa pa iwo amene anasala tsiku lonse. Ndinaganiza zonama, zoti juwisiyo wapitirira masiku. Koma ndikuwadziwa, akanati kutaya chakudya n'kulakwa, n'kumwabe. Kumzikiti chimkuzamawu chinakhosomola. Bambo aja anatambasula dzanja.

"Abambo, musamwe! Ndi mowa."

Dzanja lawo linaima m'malere. Kuitana kunayamba. Palibe anandiyang'ana. Bambo aja anapempha Mulungu chikhululukiro chapansipansi, natenga kapu ya madzi, namwa. Mayi aja ananyamula makapu aja, nakakhuthula kuseri kwa bafa, ndi botolo lomwe.

"Lakhala mu filiji yanga," anatero osakweza mawu. "Pafupi ndi phala la ana."

Ndinapepesa mpaka misozi. Anati zatha, sindinachite dala. Ndinachita manyazi, ndipo amuna anga ndinawakwiyira kwa nthawi yaitali.

Mawa lake mbale ya futali inabwera monga mwa masiku onse. Koma nditatenga nyama yanga kukasungitsa, mayi aja anailandirira pakhomo, namasula jumbo, nayang'ana mkati. Kale ndinkangolowa mpaka kukhitchini n'kutsegula filiji ndekha.

Vinyo uja sindinamulawe. Ndinangomva fungo lake pa mchenga wotentha kuseri kwa bafa, ndipo achimwene sananame, linali la gwafa wosapsetsa. Mpaka tsiku limene tinasamuka, mayi aja ankamasula jumbo iliyonse yochokera kwa ine.