Mawu Amene Anavomera a Bauleni

A Bauleni anali msodzi wa m'madambo a Shire, koma Chigwa chonse chinkawadziwa chifukwa cha bangwe. Iwo akayambitsa nyimbo, akazi awo a Juliana ankavomera ndi mawu osasa pang'ono, ndipo ngakhale amuna ouma mtima ankayang'ana pansi. Chaka china madzi osefukira anatenga a Juliana pamodzi ndi nyumba. Mtembo wawo sunapezeke, ndipo a Bauleni analeka kuimba.

Patapita zaka, anyamata okonza chikondwerero cha nyimbo zodandaula pa boma la Nsanje anawachonderera mpaka analola. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Oimba magitala atatsika pa nsanja, nkhalambayo inakhala pampando n'kuyamba nyimbo ya mlimi amene mapira ake anapsa m'munda. Itafika povomera, inakhala chete monga inazolowerera.

Pamenepo mawu a mzimayi anavomera kumbuyo kwa khamu, osasa, osaphonya ngakhale liwu limodzi. A Bauleni anaimba mpaka kumapeto. Atatsika anathamangira kumbuyoko, n'kupeza mayi wogulitsa thobwa.

"Mayi, amavomera uja ndani?"

"Nanenso ndamumva, bambo," anatero mayiyo. "Anali pafupi pomwepa, koma nditacheuka panalibe munthu."

Kuyambira tsiku limenelo a Bauleni sakananso akaitanidwa kokaimba, kaya ku Bangula kaya ku Nchalo. Amangopempha chinthu chimodzi: awaikire mpando poti azitha kuona anthu a kumbuyo.