Mpira Womaliza wa Asuweni Awiri

Mukaona nkhalamba ikuyenda m'mphepete mwa msewu wa ku Boma Loweruka m'mawa, jekete yong'ambika m'zigongono, ndodo yachitsulo ili paphewa ngati khasu, musaganize kuti ikukapha njoka. Amenewo ndi a Gervazio, akupita kugofu. Inde, gofu yemweyo, masewera a mabwana. Bwana wake ndi ameneyo, wa nsapato za matayala.

Anabadwira kufupi ndi Kasina. Sukulu anangoilawa, n'kuona kuti ikuwawa. Atasinkhuka anapita kwa amalume awo, kutsinde kwa phiri la Dedza, kukafuna ganyu yocheka matabwa, koma macheka anawakana tsiku loyamba lomwe. Ntchito imene inawalandira inali yonyamula zikwama za ndodo pabwalo la gofu, ndipo ankanyamula limodzi ndi msuweni wawo, mwana wa amalumewo, a Dziwani.

Amene anapima bwalo limenelo ayenera kuti anali pa udani ndi miyendo ya anthu. Ukakwera chitunda upeza chinzake chikukudikira, mitengo ya paini ili ndandanda uku ndi uku. Pozungulira dzenje panalibe kapinga wosalala ngati wa pa kanema. Panali mchenga wothira oyilo wakuda wa galimoto, ndipo usanamenye unkayamba wausalaza ndi chiguduli.

Azungu anapita. Anabwera mabwana a boma, nawonso anasamukira ku Lilongwe kumene kapinga amamuthirira ngati dimba. Bwalo linatsala la aliyense: mbuzi, ng'ombe, amayi otola nkhuni, ndi minda ya kachewere imene inkalidya m'mbali chaka ndi chaka. Osewera anatsala awiriwo basi. Chuma chawo chinali ndodo imodzi, imene bwana wina anaiponya m'khwawa atapsa mtima, ndi chitini cha mipira yotola m'tchire. Mpira uliwonse ankauika chizindikiro ndi msomali wamoto, ngati kuti kunali wina woti angawabere.

Mpira wa a Gervazio unkayenda ngati munthu wopita ku Misa: wolunjika, wofatsa, osacheuka. Wa a Dziwani unkanyamuka ndi ukali, ukafika pakati n'kukhotera kumanja ngati wamva fungo la mowa.

Tsono panali dzenje lina lomenyera pamwamba pa chitunda, mchenga wake uli kutsidya kwa khwawa. Kumanja kwake kunali msitu wowirira, manda a mudzi wa a Dziwani. Kumanda munthu salowako chilowelowe. Umalowako pa maliro, adzukulu okumba manda atatsogola, ndipo chimene chagwera kumeneko sichibwereranso kumudzi. Mpira wa a Dziwani unkaidziwa njira imeneyo kuposa njira ya kwawo.

“Asuweni, mwawatumiziranso agogo anu?” ankatero a Gervazio.

“Akusewera bwino kuposa inu. Munawamvapo akudandaula?”

“Adandaula bwanji, poti mukuwagenda mlungu ndi mlungu? Akungobisala.”

Ankatukwanizana choncho kuyambira dzenje loyamba mpaka lomaliza, monga amachitira asuweni. Nthawi zina ankayambana zenizeni, koma mawu oti pepani sanatulukepo pakamwa pa aliyense. Wolakwayo ankangotulukira pakhomo pa mnzake Loweruka, mpira uli m'manja, n'kunena kuti, “Tiyeni.” Mlandu unkathera pomwepo.

Chitini chinayamba kulira mopepuka. Mipira ya gofu simugula pamsika wa Mayani pakati pa tomato ndi usipa, ndipo otaya mipira anali atapita kalekale. Unatsala umodzi.

Linali tsiku lozizira, chifunga chitakhala pamitengo. A Dziwani anafika pamwamba pa chitunda akutsokomola, n'kutambasula dzanja kuti alandire ndodo.

“Dzenje ili tilidumphe,” anatero a Gervazio. “Kapena ndimenye ine.”

“Ndalisewera ndili ndi mano onse. Lero ndilizembe ngati ndinalibera nkhuku?”

“Mpira ndi womwewu, asuweni.”

“Ndiye muusunge m'thumba uikire mazira. Bweretsani ndodo.”

Anamenya. Kunena zoona anamenya bwino, mpira unalira mokoma. Unakwera, unakwera, kenako unakumbukira chizolowezi chake. Anamva kuti tha! pamtengo, mkati mwa msitu, kenako zii.

A Dziwani anayamba kuseka. A Gervazio sanaseke.

“Mukautola nokha tsiku lanu likafika,” anatero. “Si kwanu komweko? Musachedwenso.”

Mawu ngati amenewo anali atauzana kambirimbiri, ena oposa pamenepo. Koma nthawi zonse ankatuluka ndi mano poyera. Tsiku limenelo anatuluka ouma, ndipo amayi amene ankatola nkhuni chapafupi anasiya kuthyola nthambi. A Gervazio analanda ndodo n'kutsika chitunda, osadikira mnzawo wachifuwa uja.

Posakhalitsa anamva kuti a Dziwani agona, sakutulukanso panja. A Magadalena, akazi a Gervazio, sanawanyengerere amuna awowo.

“Bambo, pitani mukawaone asuweni anu. Anthu ayamba kulankhula.”

“Ndipita ndi chiyani? Manja?”

“Odwala amafuna nkhope, safuna katundu.”

“Inu simukuwadziwa a Dziwani. Ndikakafika chimanjamanja akandifunsa kuti mwabwera kudzaona ngati ndanyamuka. Ndipeze kaye mpira.”

Anayamba kusaka. M'mawa uliwonse ankalowa m'mapaini, kufukula masamba ouma ndi ndodo ija, kutsetsereka m'makwawa ndi matako. Chigoba cha nkhono chinawanamiza kangapo. Tsiku lina anakwawira pansi pa minga chifukwa cha chinthu choyera, n'kupeza chitsekerero cha chigubu. Anthu owaona ankati nkhalamba yasokonezeka, ena ankati ikufuna zitsamba zomalizira mnzake. Madzulo a Magadalena ankawachotsa minga m'manja n'kuwauza zomwe amva: lero adya pang'ono, lero sanadye, lero afunsa ngati kunja kukuzizirabe. A Gervazio ankangoyankha kuti mawa.

Chimene chinawathandiza ndi moto wolusa. Anyamata osaka mbewa atatentha udzu wa m'khwawa, a Gervazio anaona mpira uli phee paphulusa, wachikasu, wong'aluka mbali imodzi, wa mzungu wina amene mwina mafupa ake anaola kale kwawo. Anautsuka ndi sopo wa a Magadalena, anavala jekete, n'kuyamba ulendo akuyeseza kamwa kunena “Tiyeni” mosanjenjemera.

Kulira anakumva ali pamlatho wamitengo, asanaone n'denga lomwe la nyumba.

Pa tsiku loika maliro, mkulu wa adzukulu, a Zikhalo, anachita zimene adzukulu amaloledwa. Anatenga mpini wa khasu, anatanyula miyendo, anagwedeza matako monga ankachitira malemu, anamenya mphepo, n'kuika dzanja pamphumi kuyang'ana kumanja. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. A Gervazio anayesa kuseka nawo, koma chimene chinatuluka si kuseka.

Manda anakumbidwa chakumapeto kwa msitu, mbali ya kubwalo. Posesa malowo adzukulu anapeza mipira yambirimbiri m'masamba, ndipo anaiunjika pambali pa dzenje ngati mazira a nkhanga.

“Munthu wanzeru uyu,” anatero a Zikhalo mokweza. “Katundu wake ankatumiza pang'onopang'ono. Wafika wapeza zonse zili m'malo.”

Pamwamba pa muluwo panali umodzi woyera kuposa inzake, wa chipsera cha msomali. A Gervazio anauzindikira ngati nkhope. Dzanja lawo linali m'thumba la jekete, litafumbata wachikasu uja. Ankafuna kuuponya m'dzenjemo dothi lisanagwe, koma maso a mudzi wonse anali pa iwo. Munthu amene anauza mnzake kuti asachedwe, aponyenso kanthu m'manda mwake? Akanati ndi mankhwala. Dzanja linakhala momwemo mpaka mtumbira unakwera.

Potuluka, a Zikhalo anawakoka jekete n'kutsitsa mawu.

“Malemu anandituma. Anati, ‘Mukawauze asuweni aulesi aja kuti ndodo asaigoneke m'nyumba, ichita dzimbiri.’ Ankayang'ana kukhomo Loweruka lililonse, madala. Mumachedwa kuti?”

A Gervazio anatsegula pakamwa, koma nkhani ya chigoba cha nkhono sinali yoti n'kuuza munthu.

Loweruka lotsatira anakwera chitunda chija okha. Anaika mpira wachikasu uja pakamulu ka dothi, anatembenukira kumsitu, n'kumenya. Mpira unanyamuka, wofatsa, osacheuka, n'kukatera pamchenga kutsidya kwa khwawa. Anatsika, anakautola, anakweranso akupuma ngati ng'ombe yapangolo. Anapotoza thupi monga ankachitira a Dziwani, anagwedeza matako momwemo. Unapitanso kumchenga. Manja amene anazolowera njira imodzi moyo wonse sanafune kumva za maliro.

Dzuwa litafika pamutu anasiya. Anayenda mpaka pamene udzu umathera ndi pamene mitengo ya kumanda imayambira, anavula chipewa, anayang'ana uku ndi uku ngati kuli amayi a nkhuni.

“Asuweni,” anatero, “kodi inu munkachita bwanji?”

Anadikira pang'ono, ngati munthu amene akudziwa kuti chipongwe chikubwera. Kunangolira njiwa. Anauponya mpira uja ndi dzanja, chapansipansi, n'kuumva ukugubuduka m'masamba.

“Tiyeni,” anatero.

Mpaka lero Loweruka salephera. Amasalaza mchenga wa dzenje lija ndi chiguduli, amathamangitsa mbuzi, kenako amakhala pamwamba pa chitunda ndodo ili pamiyendo, akuipukuta ndi kansanza ka oyilo. Mphunzitsi wina wachifundo anawabweretsera mipira yatsopano kuchokera ku Lilongwe, yoyera mbee. Anathokoza ndi manja awiri, n'kukaipereka kwa a Magadalena. Ili m'chisa cha nkhuku, ikunyengerera thadzi kuti liziikira mazira pamalo amodzi.